Buku la Anthu Otsekeredwa

Chichitireni khungu apongozi ake, mayi a mapasa anali ndi ntchito inanso pamwamba pa zonse: kuwawerengera buku. Akaweruka kusitolo ya nsalu, ankaphika, kusambitsa ana, kusambitsa agogowo, kenako n'kukhala pampando wapulasitiki pafupi ndi bedi, mapazi atatupa. Mwamuna wake? Aaa, ameneyo ankangosuzumira pakhomo, "Mwaswera bwanji, amayi?" basi, uyo ku mpira.

Bukulo linkanena za anthu olemera amene anapita kumalo opumulirako kuti akachire kutopa. Atafika anawalanda mafoni, n'kumawamwetsa madzi a masamba, zitseko akuzikiya kunja. Kenako mlendo mmodzi anasowa.

"Mayi woyang'anira malowo ndi mfiti," anatero agogowo, atakumbatira bulangeti. "Pakamwa uchi, mumtima zina. Bwanji osathawa anthuwa? Iwe sukuchita mantha?"

Mayi a mapasa anayang'ana tsambalo, zilembo zikusambira m'maso.

"Ine ndimawasirira, amayi."

"Wati chiyani?"

"Awatsekera, inde. Koma chakudya akuwabweretsera. Palibe wowaitana. Atanditsekera ine, sindingagogode n'komwe." Misozi inangoyamba yokha.

Nkhope ya apongozi inasintha. "Ohoo! Ndiye ndakutopetsa? Ndinkadziwa ine, mwana wa eni ake ndi wa eni ake basi."

"Nanga wanu ali kuti, amayi? Ali kuti?"

Anaponya bukulo pabedi, natuluka, chitseko phwaa! Kuchipinda kwake anatsitsa chikwama n'kuyamba kulongedza. Mkwiyo analibe, kunali kutopa chabe kofika m'mafupa. Anali atatsimikiza zopita kwawo.

Mwamuna uja anatulukira akuimba likhweru. Amayi ake, amene anali atamva zipi ya chikwama ikulira, anamuitana.

"Khala apa. Mankhwala anga ndimamwa nthawi yanji?"

Mwamunayo anangokanda m'mutu.

"Amandichapira ndani ndikadziipitsira? Ine wosaona ndimamva mkazi wako akukoka mapazi pansi. Iwe wamaso suona? Munthu wafika posirira anthu otsekeredwa, m'nyumba mwako muno! Ndinabereka mlendo ine?"

Mwamuna uja, wamkulu ndi ndevu zake, anangoyang'ana pansi.

Agogowo anadzuka movutikira, akupapasa khoma mpaka pakhomo la mpongozi wawo.

"Mwananga, pakamwa panga pandinamiza. Ndikhululukire. Ukachoka iwe, ine ndatha. Gona. Lero usaitanidwe ndi munthu."

Mayi a mapasa sanamasule chikwama chija, anangochikankhira kumiyendo kwa bedi.

Kukhitchini kunamveka mapoto akugwa, kenako mawu a mwamuna wake: "Amayi, beseni losambira limakhala pati?"

"Funafuna! Nyumba ndi yako."

Mkaziyo anamva ngati kutali. Anali atagona kale, nsapato zili kuphazi.