Chotupa Patsinde la Mtengo wa Maapozi

Dzuwa litapendeka, amake mapasa anatenga madzi otsukira mbale kukathirira mtengo wawo wa maapozi kuseri kwa nyumba. Atawerama anaona chotupa patsinde, chokhakhala, chachikulu ngati chibakera. Anachikhudza. Chinali chofunda.

Kwa akalipentala zinayamba chomwechi: mtengo unatupa, khosi la mwini wake n'kutsatira, mwezi usanathe anthu anakawaika. Kenako mkazi wa telala. Kenako aphunzitsi. Amake mapasa sukulu anangoinunkhiza, koma mutu wawo sutaya kanthu. M'makomo atatu onsewo amene anakadulira mitengo anali munthu mmodzi, alamu awo, mng'ono wa malemu amuna awo. Wa pakhomo pano anaudulira mwezi watha, osapemphedwa.

Kutacha amake mapasa anaitana alangizi a zaulimi.

"Ndi matenda chabe awa, mayi, amalowera pabala. Semani mpaka mufike pabwino, chotupacho muwotche, mpeni mutsuke."

"Nanga kufundaku?"

Alangizi anagwira, dzanja n'kulibweza msangamsanga. "Ndili ndi msonkhano," anatero, uku akukwera njinga.

Madzulo mayiwo anasonkha moto wa zinyalala n'kugwada ndi mpeni. Patsindepo pankanunkha ngati nyama yogonera. Atasema, chotupa chinagwera m'manja mwawo. Mkati mwake munali tsitsi lolukidwa ndi ulusi wofiira, monga momwe iwo anamulukira wamkulu wa mapasa aja Lamulungu.

M'nyumba munamveka mfuu. "Amayi! Achemwali akutuluka magazi pakhosi!"

Amake mapasa anayang'ana moto kuti aponyemo chotupacho. Dzanja linakana.

"Mukawotcha, mawa muika maliro, mlamu."

Alamu aja anali atatsamira mpanda, timizere ta pulasitiki tomangira mitengo tikulendewera m'thumba. Phazi lawo silinamveke pobwera.

"Ndinu, eti?"

"Ine ndimangodulira mitengo. Amene wacheka mwana ndi ndani? Bwezerani pomwe mwachotsapo, mugwire bwino."

Amake mapasa anabwezera chotupacho n'kugwira. Alamu anakulunga pulasitiki pang'onopang'ono, akuimba mluzu. Pomanga mfundo yomaliza, kulira kwa m'nyumba kunaleka.

"Amayi, magazi asiya!"

"Ndizibwera Loweruka lililonse kudzamanganso," alamu ananong'ona. "Ndikangojomba kamodzi, chigwa chokha."

Nthawi yomweyo mayi wa nyumba yoyandikana, wosamukira kumene, anasuzumira pampanda, khanda lili kumsana.

"Odi, anansi! Kamtengo kanga ka maapozi kachita nthambi balalabalala. Bambowa amadziwa kudulira?"

Alamu anangoika chala pamfundo ya pulasitiki ija, maso ali pa amake mapasa.

Amake mapasa anayang'ana khanda lija, kenako zenera la chipinda cha ana awo.

"Ndi katswiri," anatero. "Atengeni."