Ndadya Kale, Mayi

"Amama, mwachitira dala!" anakuwa Mwawi ali pakhomo la khitchini, beseni la madzi lili m'manja. "Pakhomo pano tinayamba liti kufunsa munthu kuti 'mudya'?"

A Kezia, mayi ake, sanadzutse mutu. Ankagawa nyama ya mbuzi m'mbale zadothi zimene zinkatuluka m'kabati pa Khrisimasi pokha.

"Tsitsa mawu, kuli alendo. Ndamufunsa, wati wadya kale. Ukufuna ndimutsegule kukamwa?"

"Adya chiyani? Pamafuwa pawo sipanayake moto chiyambire kudwala!"

Amene ankanenedwayo anali a Feston, munthu wa ku Thyolo. Anabwera kumpoto kudzacheka matabwa ku Chikangawa, mpaka tsiku lina makina anawadula zala za dzanja lamanja, ntchito n'kuthera pomwepo. Kwawo sanabwerere, ankati akaonetsako chiyani. A Zondwayo, bambo ake a Mwawi, amene anali mkulu wa mpingo komanso mwini golosale pa Boma la Mzimba, anawapatsa kachipinda ka kuseri kosungiramo gaga. Za kachipindako mpingo wonse unkadziwa, chifukwa a Zondwayo ankakatchula akamalalikira za chifundo. Chimene mpingo sunkadziwa n'chakuti mwini wakeyo anali asanasuzumiremo chilowereni mlendo wakeyo.

Mwawi anali ataona zonse m'mawa pamene ankachokera kutchalitchi. A Feston anali atakhala pa njerwa kunja kwa kachipinda kawo, atavala jekete lawo lokhalo, nsapato atapukuta, tsitsi atapesa. Munthu wodwala sapesa tsitsi kuti angokhala pa njerwa. A Kezia anaima patali, n'kufunsa m'Chichewa chawo chopendekera ku Chitumbuka: "Achimwene, mudya nafe, panji mwadya kale?"

A Feston anayang'ana galimoto yonyezimira imene inaima pabwalo, n'kuyang'ananso dzanja lawo. Kenako anamwetulira.

"Ndadya kale, mayi. Yewo."

Mwawi anali wa Fomu 2 chabe, koma ankadziwa kuti munthu amene ukumufunadi sumufunsa. Umangopita ndi madzi, n'kugwada, iye n'kusamba m'manja. Eni galimoto ija, a Lumbani, asibweni ake a Mwawi, amalume amene anali atangofika kuchokera ku Joni, palibe anawafunsa ngati adya kale.

Mwawi analowa pabalaza ndi beseni lija, n'kugwada, n'kuyamba kusambitsa akuluakulu.

"Adada, a Feston ali panja."

"Amako alankhula nawo kale," anayankha a Zondwayo akukutumula madzi kuzala.

"Akudwala, adada. Akuchita manyazi chabe."

A Lumbani anaseka mpaka unyolo wa m'khosi mwawo unavina. "Alamu, mwanayu mukamuphunzitse uloya! Iwe Mwawi, ku Joni munthu akati wakhuta ndiye kuti wakhuta. Zonyengererana kulibe."

Onse anaseka. A Zondwayo anakweza dzanja kuti apemphere, ndipo pemphero lake linali lalitali. Anapempha Mulungu kuti akumbukire amasiye, alendo ndi onse amene alibe chakudya pa tsiku lalikululi. Mwawi sanatsinzine. Pazenera anaona a Feston akudzuka pa njerwa paja atagwira khoma. Anavula jekete, kulipinda bwinobwino, kulowa m'kachipinda, n'kutseka chitseko.

Mpunga wake Mwawi sanaukhudze. Anauvundikira ndi mbale ina kuti apite nawo kuseri, koma mayi ake anamutsekereza.

"Mbale zanga za alendo sizipita ku gaga. Tiwapatsa zikatsala. Tenga fanta, akwaya afika."

Atachoka akwaya kunabwera amvano, kenako anzawo a a Lumbani odzaona galimoto. Aliyense ankalandiridwa ndi madzi, osafunsidwa kanthu. Mwawi ankatsuka mbale akuziwombanitsa dala, mpaka imodzi inabenthuka m'mphepete. Mvula itayamba chakumadzulo, anthu n'kuthawira m'nyumba, Mwawi anakhuthulira mpunga wake m'kambale ka pulasitiki n'kuthamangira kuseri.

"Odi, a Feston!"

Kunali zii. Anakankha chitseko. Fungo la gaga wonyowa linamulandira. Denga linkadontha, ndipo a Feston anali atagona pa thumba pakona, akunjenjemera thupi lonse, milomo itang'ambika. Pambali pawo panali kapu yopanda madzi ndi makoko a mango aawisi. Mwawi atawagwira pamphumi anachotsa dzanja msanga.

"A Feston, ndine Mwawi. Dzukani mudye."

Maso awo anatseguka pang'ono, koma sanamuone. "Ndadya kale, mayi," ananong'ona, mutu n'kugwera kumbali.

Kukuwa kwa Mwawi kunaposa wailesi ya pabalaza. Oyamba kufika anali a Kezia. Anaima pakhomo, n'kuyang'ana denga, thumba lija ndi makoko a mango. Madzi a mvula ankawatsikira m'khosi koma sanasunthe.

"Chiuta wane," anatero motsitsa. Anamasula chitenje chawo chatsopano cha Khrisimasi n'kuwafunditsa a Feston. "Lumbani! Bwera nayo galimoto!"

A Lumbani anasuzumira ali pansi pa ambulera, n'kugwira mphuno, n'kuyankha mlongo wawoyo. "Adumbu, mipando ija ndi yansalu. Akasanzamo fungo lake silichoka. Itanani kabaza."

"Munthu wokomoka akhala bwanji pa njinga?" anafunsa Mwawi. "Asibweni, mudzaikidwa nayo m'manda galimotoyo?"

"Mwawi!" anakalipa a Zondwayo. "Ukulankhula ndi ndani?"

Koma a Kezia anali atapita kale kuseri kwa khitchini. Anabwerako akukankha wilibala yonyamulira katundu wa kugolosale. Mayi ndi mwana ananyamula a Feston, ndipo Mwawi anachita mantha ndi kupepuka kwawo. Munthu wamkulu ankalemera ngati mtolo wa mapesi.

Anadutsa pamsika mvula ikuwakwapula. Pamakhonde a masitolo nyimbo zinali pokopoko, ana ovala zatsopano akuvina. Miyendo ya a Feston inkalendewera kutsogolo kwa wilibala.

"Khrisimasi yamukwana mdala!" anakuwa mnyamata wina atanyamula botolo. "Wayamba m'mawa chomene ameneyu!"

Khonde lonse linafa ndi phwete. A Kezia sanatembenuke, ankangokankha, nsapato zawo zatsopano zikumira m'matope. A Zondwayo ankatsatira pambuyo ndi ambulera, patali ndithu, moti wosadziwa akanati ndi munthu wongodziyendera zake.

Kuchipatala namwino anawalandira mwachangu. Anawayeza magazi, kuwabaya jakisoni, n'kuwaika diripi. Atamaliza anatuluka pakhonde pamene atatuwo anaima, nkhope yake ili gwa.

"Malungo afika poipa, ndipo thupi lilibe mphamvu yolimbana nawo. Bambowa anadya liti?"

A Kezia anagwira pakamwa n'kuyamba kulira mwakachetechete.

"Chabwino," anatero namwino. "Tiwagoneka, koma sindikulonjezani kanthu. Pafunika munthu wokhala nawo pafupi, wowamwetsa, wowatembenuza, wowaperekeza kuchimbudzi. Okha safika mawa."

"Phala ndiziphika ine," anatero a Kezia. "Ndapota, asafe."

"Phala lokha silikwanira, mayi. Iyi ndi wodi ya amuna, ndipo zina zimafuna mwamuna mnzawo. Wachibale wawo ndani?"

A Zondwayo anapinda ambulera, n'kuitambasulanso. Madzi ankadontha pa simenti.

"Ameneyu kwawo ndi ku Thyolo," anatero.

"Sindinafunse kwawo, bambo. Ndafunsa kuti ndi munthu wa ndani."

A Zondwayo anayang'ana akazi awo, koma a Kezia anali atayang'ana pansi, pa mapazi awo amatope. M'wodimo munthu wina ankabuula. Namwino anadikira, dzanja lili pachitseko.

Mwawi anapita kukaima kutsogolo kwa bambo ake, diresi ikuchucha madzi.

"Adada, musayang'ane amama, ayankha kale mbali yawo. Akufunsa inu. A Feston ndi munthu wa ndani? Ayankheni, adada!"