Golide Amene Kamera Sinamuone

Anakumana pageti la bwalo la masewera. Mtsikanayo anali wothamanga wa dziko lina lapafupi, atabwera kudzakonzekera mpikisano wa mayiko. Anzake ankamutcha Mbawala. Mnyamatayo anali woulutsa masewera pa kanema, wa tayi yofiira ndi lilime la uchi.

"Asisi, liwiro lonseli mukuthawa ndani? Taimani, mtima wanga wachita befu!"

Mbawala anaseka. Kuseka komweko n'kumene kunamugwetsera m'mbuna.

Miyezi itatu mauthenga ankangogwa pafoni ngati mvula. "Duwa langa, chikondi sichifunsa pasipoti." Mawa lake wina: "Tsiku la mpikisano ndidzakuwa dzina lako mpaka masipika ang'ambike!"

Tsikulo linafika. Mbawala anawasiya onse akumeza fumbi. Golide!

Ali m'chipinda chosinthira zovala, mkulu wake analowa atakwinya nkhope n'kumupatsa foni.

"Taona zimene waulutsa mlamu wanga wa pakamwa uja."

Kamera inali itakakamira pa mtsikana wa dziko la eni bwalo, amene anamaliza wachisanu ndi chimodzi. Ankamuonetsa akupukuta thukuta, akumasula nsapato, mayi ake akulira. Za Mbawala chinaoneka ndi chigongono chokha, pakona.

Ndiye kunamveka mawu aja, omwe aja ankamutcha duwa.

"Mwana wathu wayesetsa! Wapambanayo ndi mlendo wina chabe. Koma abale, miyendo imeneyi ndi ya chakudya chokha? Madokotala amuyeze magazi!"

Mbawala anakhala pansi, mendulo ikumulemera m'khosi. Munthu amene ankamuona akudzuka m'bandakucha, zidendene zili matuza okhaokha, lero akumunenera za mankhwala? Pamaso pa dziko lonse?

Foni yake inalira, uthenga wa mnyamata uja. "Usakwiye switi, ndi ntchito. Owonera amafuna wawo."

Anaizimitsa foniyo.

Magazi anayezedwa, anapezeka oyera. Manyuzipepala a mayiko ena anadzaza ndi nkhope yake. Pamenepo mabwana a kanema uja anadzidzimuka, n'kutuma mnyamata yemweyo kuti akacheze naye.

Anamupeza akukwera basi ya timu. Dzanja lina maluwa, lina maikolofoni, wojambula ali pambuyo.

"Wapamtima, tandithandiza. Ukakana, ntchito yanga yatha!"

Mbawala anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi, monga mmene amayang'anira nsomba yoola pamsika. Kenako anakokera maikolofoni kukamwa kwake.

"Pepani bambo, sindicheza ndi alendo. Adalaivala, tiyeni."