Thalakitala Yofundula Khungu

A Tionenji ankasesa pabwalo m'mawa pamene anaona tizidutswa ta penti wa buluu titamwazika pansi pa thalakitala ngati mamba a nsomba. Anaima tsache lili m'manja. Pa madigadi a kumanzere, chitsulo chophimba tayala, panali popalidwa pokula ngati chikhatho, ndipo pansi pa buluuyo pankaoneka penti wina, wofiira.

Thalakitalayo inali isanasunthe pansi pa mtengo wa mango chimwalirireni amuna awo a Dalitso. Inali yakale, yaing'ono, ya mpando wachitsulo wopanda khushoni. A Dalitso anaigula ili chifere kwa mlimi wina wa ku Chipoka, n'kuikonza okha, n'kuipaka buluu, ndipo kwa zaka zambiri inkalima minda ya mpunga ya anthu a m'mudzi mwawo ku Maganga.

Usiku wotsatira a Tionenji anadzidzimuka kutulo ndi phokoso. Silinali lalikulu. Linali ngati munthu akupala poto wopserera mosafuna kuti ena amve, kwe, kwe, kwe, kenako zii, mpaka achule a kudambo n'kuyambanso kumveka, kenakonso kwe, kwe. Anasuzumira pazenera. Pansi pa mango paja mdima unali wokhuthala kuposa pena paliponse pabwalo. Kutacha anapeza wofiira uja wapalidwanso, ndipo pansi pake panatuluka penti wotuwa ngati phulusa, wosalala, wolimba.

Nkhani inafika kumjigo dzuwa lisanakwere. Ena ankati thalakitala ya malemu ikufundula ngati njoka. Ena ankati a Dalitso abwera kudzachotsa penti wawo chifukwa sakufuna kuti chuma chawo chitsale m'manja mwa mkazi. Masana kunabwera a Yesaya, mng'ono wawo wa malemuyo, amene kuyambira tsiku la maliro ankanena kuti thalakitalayo igulitsidwe kwa mwini loji ina ya ku Senga Bay, wokonda kuika zitsulo zakale pabwalo kuti alendo azijambulitsapo.

"Alamu, mwaona nokha," anatero a Yesaya motsitsa mawu. "Chinthu ichi sichabwino. Chichoke pakhomo pano chisanatenge munthu."

"Chimene chikuyenera kuchoka pano ndi amene akupalayo," anayankha a Tionenji. "Mvula ikagwa thalakitala iyi ilima munda wanga."

"Muilizitsa ndi ndani?"

"Zimenezo ndi zanga, alamu."

Phokoso lija linapitirira usiku wina ndi wina, ndipo potuwa paja pankakulirakulira, kuchoka pa madigadi kukwera ku boneti. Anthu odutsa pamsewu anayamba kulambalala. Ndiye tsiku lina kunabwera a Fletcher, bambo wokalamba amene pa unyamata wawo ankayendetsa mathalakitala pa esiteti ina ya thonje kufupi ndi Chipoka. Anagwada movutikira, nasisita penti wotuwayo ndi chala chachikulu. Anayang'ananso pansi pa mpando, pomwe burashi ya a Dalitso sinafike, napeza kuti naponso ndi potuwa.

"Uyu ndiye penti wa kufakitale," anatero. "Zinkabwera pa sitima zili zotuwa chonchi, zonse."

Kenako dzanja lawo linafika pachitsulo chogwira chiwongolero, pomwe panali powotcherera pokhakhala, ndipo analichotsa msanga ngati apsa.

"Mayi, iyi ndikuidziwa. Inagubuduka m'mphepete mwa dambo, n'kupsinja mnzanga Steven. Tinamutulutsa madzulo. Steven ankaikonda ngati mwana, ankaitsuka ndi sopo wake wosambira. Atamwalira tonse tinakana kuikwera, ndiye abwana anaipaka wofiira kuti tiziti ndi ina." Anadzuka n'kubwerera m'mbuyo. "Ine tiyi wanu sindimwera pafupi ndi iyi."

Madzulo a tsiku limenelo mwana wa a Tionenji, Eveles, amene anakwatiwa ku Salima, anaimba foni akulira, kuti amayi ake asamuke kaye. A Tionenji anangoti, "Nyumba ndinamanga ndi bambo ako sindingaithawe chifukwa cha penti." Atadula foni anatapa phulusa kukhitchini, n'kuliwaza kuzungulira thalakitala yonse, mopyapyala. M'mawa mwake paphulusapo panali mapazi a jombo, ochokera kumunda wa chinangwa n'kubwereranso komweko.

"Mzimu wovala jombo," anatero a Tionenji, naseka okha.

Usiku umenewo sanalowe m'nyumba. Anawazanso phulusa latsopano, n'kukhala kuseri kwa nkhokwe atafunda chitenje chakuda, musi uli pamwendo. Udzudzu unkalira m'makutu koma sanauthamangitse. Mwezi kunalibe. Patapita nthawi masamba a chinangwa anachita tswa, tswa, ndipo kunatulukira munthu akuyenda chowerama. Anagwada kumanzere kwa thalakitala, nayatsa tochi ya foni ataiphimba ndi chikhatho, n'kuyamba kupala. A Tionenji anayenda chinyawu mpaka kumbuyo kwake, namugwira dzanja lomwe linali ndi mpeni.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

A Yesaya anakhala pansi, mpeni n'kutsala m'manja mwa a Tionenji.

"Musakuwe, chonde," ananong'ona. "Wa ku loji uja anati agula pokhapokha aone kuti pansi ndi yotuwa, kuti ndi yakale yeniyeni. Ndimangofuna kujambula. Kenako nditamva kuti anthu ayamba kuopa, ndinati mwina inunso muopa."

"Ndiye mwaona kuti ndaopa?"

A Yesaya asanayankhe, phokoso linayamba. Kwe, kwe, kwe. Linkachokera mbali ina ya thalakitala, kumanja, komwe tochi sinkafika. Linali lodekha, losathamanga, la munthu wodziwa ntchito yake. A Tionenji anayang'ana mpeni m'dzanja lawo. Anayang'ana manja a a Yesaya, onse awiri ali pamaondo.

"Mwabwera ndi ndani?"

"Ndekha," anatero a Yesaya. "Alamu, kumanjako ine sindinapaleko."

Anadzambatuka n'kulowa m'chinangwa, kusiya foni ikuwala pansi. A Tionenji anaitola. Miyendo inkafuna kuthamangira kunyumba, koma anaikakamiza kuzungulira kutsogolo kwa boneti. Atangowalitsa kumanjako, phokoso linaleka. Kunalibe munthu. Madigadi a kumanja anali otuwa theka, tizidutswa ta buluu ndi tofiira tikugwabe pang'onopang'ono, ndipo paphulusa panalibe phazi ngakhale limodzi. Kunkamveka fungo la sopo.

A Tionenji anaimirira mowongoka.

"Ngati ndinu a Steven," anatero mokweza, kuti ndi a m'nyumba zoyandikana amve, "palani, penti wanu ndi ameneyo. Koma mumve. Munaisamala inu, anaiukitsa amuna anga, tsopano ili ndi ine. Pano sichoka, ndipo ine sindichoka."

Anatembenuka n'kuyenda kupita kunyumba osathamanga, ndipo atagwira chitseko, kumbuyo kwawo kunayambanso kwe, kwe, kwe.

Kutacha anatenga mpeni wa a Yesaya, nakhala pampando kumanzere kwa thalakitala, n'kuyamba kupala dzuwa likuswa mtengo, anthu ataima patali pamsewu. Iwo ankapala masana mbali yawo, ndipo m'mawa uliwonse ankapeza mbali inayo yapita patsogolo. Mvula isanagwe thalakitala yonse inali yotuwa. Makaniko amene anamuitana kuchokera ku Salima anati injini yake ndi yoyera modabwitsa, koma anakana kugona pamudzipo.

Mwini loji uja anabwera yekha pa galimoto, naizungulira akugwedeza mutu mosilira, n'kufunsa mtengo. A Tionenji anali pampando wachitsulo uja, akuphunzira kulowetsa giya.

"Sitikugulitsa, bambo," anatero. "Eni ake tilipo awiri, ndipo tonse takana."