Nyale ya Apongozi pa Denga

Nkhaniyi sindikonda kuikamba chifukwa imatichititsa manyazi, koma inachitika masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. A Mamyr, amalume a amuna anga, analipo. Mai Saltanat a kuseri kwa mpanda wathu analiponso. Onsewa ali moyo kuno ku Batken, mukhoza kukawafunsa.

Amuna anga a Ermek amaphunzitsa sayansi pasukulu ya m'mudzi muno. Pa denga la nyumba anazika mtengo wa makina oyezera nyengo, ndipo kagalasi koonetsa manambala kamakhala pa shelefu m'chipinda chodyera. Chaka chimenecho kachipangizo koyezera chinyezi kanafa. M'malo mogula kena, iwo anaganiza zolumikiza kambale ka sola ku mawaya omwewo kuti makinawo aziyeza mphamvu ya dzuwa. Ankati akatero adziwa malo abwino oyanikapo zipatso za maapurikoti. Chinkasowa ndi kambaleko.

Apongozi anga aamuna anali atangomwalira kumene. Pa mwambo wa kuno, masiku makumi anayi asanathe, mzimu umabwerabe pakhomo, ndipo suyenera kupeza mdima. Apongozi aakazi, mai Burul, ankaopa kandulo chifukwa cha makatani, choncho ankagwiritsa ntchito nyale ya sola imene malemuwo ankapita nayo kukhola. M'mawa ankaiika padzuwa, madzulo n'kuiika pawindo la chipinda cha malemu.

Tsiku lina nyale ija inasowa. Mai Burul anafunafuna mpaka m'khola la nkhosa. Sanaloze munthu chala. Anangoti, “Ukalamba uwu, ndaitaya ndekha,” n'kukhala pansi kumalira. A Ermek anali pomwepo, akumwa tiyi.

Lachinayi tinakazinga timandasi kuti fungo la mafuta lifike kwa akufa, ndipo abale anabwera kudzapemphera. Titamaliza mapemphero, a Ermek anatenga kagalasi kaja n'kukaika patsogolo pa amalume awo.

“Amalume, taonani. Dzuwa lalero ndi ili, ndalitsekera m'bokosi.”

“Iwe, dzuwa ndimaliyeza ndi dazi langali,” anatero a Mamyr. Anthu anaseka.

Akuseka choncho, nambala ija inayamba kutsika. Inatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pa ziro.

“Mtambo umenewo,” anatero a Ermek.

Mai Saltanat anasuzumira pawindo. “Mtambo wake uti? Kumwamba kuli mbee.”

Tinatuluka tonse. Kunalibe mphepo. Timakapu toyezera mphepo ta pa makina aja tinali titaima. Nkhuku zinali zitalowa pansi pa ngolo, zili zii. Fungo la mafuta linali litatha, ndipo m'malo mwake ndinamva fungo la fodya wa pansi pa lilime ndi chikhoti cha chikopa cha nkhosa. Ndinalidziwa, linali la malemu apongozi. Ndinachapa zovala za munthu ameneyo kwa zaka zambiri.

Pa denga panalibe munthu. Koma mai Saltanat anandigwira mkono n'kuloza pansi.

Pabwalo panali chithunzithunzi cha nyumba, ndi cha mtengo wa makina uja. Pambali pake panali cha munthu. Anali atavala chipewa chachitali, ngati chimene malemu ankavala. Anali atawerama, dzanja lili pamwamba pa makinawo.

Tinayang'ana kumwamba. Palibe. Tinayang'ananso pansi. Alipo.

“Achimwene,” mai Burul ananong'oneza, “mukuwaona?”

“Ndikuwaona,” a Mamyr anayankha. Kenaka anatembenukira kwa mphwa wawo. “Ermek, kambale kako ka sola unakagula kuti?”

A Ermek anayang'ana kumbali.

“Ndikufunsa iwe.”

“Ndinakachotsa pa nyale ya abambo. Ndimati ndigula ina Loweruka.”

Palibe amene anakuwa. Azimayi anangoyang'ana pansi. Ine nkhope inandiotcha, chifukwa ndinali nditagona pambali pa munthu ameneyu masiku onse aja amayi ake ankadzitukwana okha. Mai Burul sanamukalipire mwana wawo. Anangofunsa motsitsa mawu, “Ndiye masiku onsewa akhala akupeza mdima?”

A Mamyr anakatenga okha makwerero n'kuwatsamiritsa kukhoma. “Kwera. Ukapepese.”

“Amalume...”

“Kwera.”

Anakwera. Makwerero ankalira pa sitepe iliyonse. Ife tinkayang'ana pansi, osati pa denga. Tinaona chithunzithunzi cha a Ermek chikuyandikira china chija. Chija sichinasunthe. Zinakumana. Zinakhala chimodzi.

Tinamva sikuluu ikugwa pa malata n'kugubuduka. Kenaka mawu a amuna anga, aang'ono ngati a mwana.

“Abambo, pepani.”

Atatsika, milomo yawo inali yotuwa. Anandipatsa kambale kaja kuti ndiwagwirire. Kanali kozizira ngati mwala wa mumtsinje m'nyengo ya chisanu, chonsecho kanakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Pa chithunzithunzi cha denga panalibenso munthu. Timakapu tija tinayamba kuzungulira.

Nyale ija a Ermek anali ataibisa m'bokosi la zida, ndipo anaikonza alendo asanabalalike, anthu akudutsa osawalankhula. Dzuwa litapendeka inayaka. Mai Burul anaitenga n'kukaiika pawindo.

Tinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma mawa lake masana ndinali kuyanika maapurikoti pabwalo pamene a Ermek anabwera kuchokera kusukulu. Anaima pafupi nane, kumutu kulibe chipewa, tsitsi likuoneka. Ndinayang'ana pansi. Chithunzithunzi chawo chinali chitavala chipewa.

“Bambo a Aiperi,” ndinatero, “tayang'anani.”

“Ndaona kale,” anayankha. “Ana a m'kalasi aonanso.”

Masiku makumi anayi anatha. Tinapha nkhosa, mapemphero anachitika, nyale inazimitsidwa. Chipewacho sichinachoke. Sichioneka m'mawa kapena madzulo, koma masana okha. A Mamyr akuti achilole, bambo sachitira mwana wake choipa. Mai Burul akachiona amasuntha pang'ono kuti asachiponde.

A Ermek masiku ano amapita kusukulu dzuwa lisanakwere ndipo amabwerera litapendeka. Zikawakakamiza kuyenda masana, amadutsa m'mphepete mwa makoma, mumthunzi, maso ali pansi.