Jimbun ndi Ufa Wofiira

Pakhomo pa a Lanying, m'mphepete mwa mtsinje wa Kapuas, panali poti mlendo ukafika sufuna kutsanzika msanga. Mpunga sunkasowa, nsomba zouma zinkalendewera kukhitchini chaka chonse, ndipo Lamulungu lililonse banja lonse linkakwera bwato kupita ku Misa. Zonsezi zinkachokera m'masamba a kratomu, amene kuno kwathu timangoti purik. A Lanying anali ndi mitengo yawo kudambo, mathandala oyanikira, ndi kachigayo kogayira masambawo kukhala ufa umene ogula a ku mzinda wa Pontianak ankaulimbirana.

Ana anali awiri. Wamkulu anali Sendi, amene mwamuna wake Tadeus ankakhala pomwepo pachikamwini. Wamng'ono anali Jimbun, wa zaka makumi awiri. Mudzi wonse unkadziwa kuti kiyi wa chigayo adzakhala wa Jimbun, ndipo mwini wakeyo ankadziwa kuposa onse. Bambo ake anamuphunzitsa ntchito yonse: tsamba loyanikidwa pamthunzi limapereka ufa wobiriwira, la padzuwa woyererako, ndipo lovundikidwa m'thumba masiku angapo limada n'kupereka wofiira. Anamuphunzitsanso lamulo la pakhomopo, lakuti thumba silisokedwa mwini kiyi asanasungunule ufa pang'ono m'madzi ofunda n'kulawa. Madzi owira ankawakana, ati amabisa fungo.

"Timalawa, sitimwa," ankatero a Lanying. "Agogo ako ankatafuna tsamba limodzi popita kukacheka mitengo ya mphira, basi. Ufawu ndi nkhani ina. Ukauzolowera umayamba kukutuma ngati wantchito wake."

Amene anamulowa m'mutu Jimbun ndi Yansen, woyendetsa bwato lonyamula matumba, munthu wa pakamwa potsekemera ndi mano akuda.

"Amwene, zabwino ngati izi mumangotumizira azungu, inu n'kumayasamula padoko?" anatero tsiku lina akukweza katundu. "Woyerawu m'mawa umakudzutsa. Wofiirawu madzulo umakugoneka ngati khanda. Ndi masamba basi, analenga Mulungu yemwe mumakamuimbira uja."

"Madala akadziwa ndatha."

"Adziwa bwanji? Amagona m'thumbamo?"

Jimbun anaseka, ndipo anamwa. Zinali zowawa zedi, koma tsikulo ananyamula matumba ngati anthu awiri, mpaka bambo ake anamuyamikira. Pakutha pa mwezi supuni imene anayamba nayo inaleka kugwira ntchito, anawonjezera. Pakutha pa chaka munthu uja anali ataonda, masaya atada, m'mimba mongokhala modzimbidwa. Akachedwa kumwa, mamina chuchuchu, mafupa kuphwanya, ndipo ukali wake unali woti ndi galu yemwe ankamuthawa.

Amayi ake, a Agata, anamutsekereza pamakwerero a nyumba.

"Ndinakubereka ndine, usandiyese chitsiru. Malaya akowa akununkha ufa mpaka m'makhwapa. Siya, bambo ako asanadziwe."

"Ndimangolawa, amayi."

"Kulawa kasanu pa tsiku? Mwana wanga, chibaba chikakugwira chidzakudyetsa ndi zimene nkhumba ikukana."

Jimbun anangowadutsa. Patapita masabata awiri, Tadeus anamupeza m'chigayo ali m'tulo tofa nato masana dzuwa likuswa mtengo, injini ikulira, mkono wa malaya uli pafupi kukokedwa ndi lamba. Anamukoka, anazimitsa injini, ndipo anakauza apongozi ake. A Lanying sanafune zokambirana kuchipinda. Pamaso pa amayi onse othyola masamba amene anabwera kudzapimitsa, anatambasula dzanja.

"Bweretsa kiyi."

"Bambo, pagulu pano?"

"Unamwera pagulu, padoko. Bweretsa." Anatembenukira kwa Tadeus. "Gwirani, akamwini. Kuyambira lero wogaya ndinu, wolawa ndinu."

Mayi wina anaseka chakumphuno. Kuseka kumeneko Jimbun sanakuiwale. Mnyamata wanzeru akanalira, n'kupepesa, n'kupempha kuti amuthandize kusiya. Koma uyu anasunga chakukhosi, ndipo anachisungira munthu amene anapulumutsa mkono wake. Akamuona Tadeus akutsekula chigayo m'mawa, mtima unkamuwira. Patebulo sankamupatsira ndi mchere womwe.

"Wobwera ndi kachikwama kamodzi akulandeni chuma cha bambo anu?" ankamusonkhezera Yansen. "Ine bwenzi atabwerera kwawo ndi manyazi. Ufa wake ukangoipa kamodzi, madala akubwezerani kiyi okha."

Mvula itakula, Kapuas anasefukira monga amachitira. Mitengo ya purik siopa madzi, koma matumba anayi a masamba ovundika amene anali pansi anamira m'madzi odutsa m'zimbudzi ndi m'khola la nkhumba. Madzi ataphwa, Tadeus anakawataya kudzenje la kuseri kwa khola, kudikira kuti aume awatenthe. Jimbun anawatola mwakabisira n'kuwayanika pansi, pamene nkhuku zimapalasa. Anali atachita nkhungu, akununkha, koma iye ankadziwa chimene wogaya aliyense amadziwa: mu ufa wobiriwira kapena woyera choipa chimaonekera, koma wofiira ndi wakuda kale.

Lamulungu Jimbun anadandaula mutu n'kutsala pakhomo. Bwato la ku Misa litangokhota, anatenga kiyi pamsomali pamene Tadeus ankapachika, analiza injini, n'kugaya zonyansa zija. Zinali zisanaume bwino, lamba ankalira ndi kutsetsereka, koma anakakamiza. Anasefa, anasakaniza ndi ufa wofiira wa mlamu wake, anasesa pansi, n'kubweza kiyi. Mumtima ankangoona Tadeus akuthamangira kuchimbudzi sabata yathunthu, ogula akubweza matumba, bambo ake akumuitana ndi mawu ofatsa. Anasangalala, ndipo sanachite manyazi ndi kusangalalako.

Lolemba m'mawa lamba wotopa uja anaduka. Tadeus anathamangira ku tauni ya Putussibau kukagula wina, ulendo wa tsiku lathunthu, pamene bwato la ogula linali kubwera masana omwewo.

"Ndilawa ndine lero," anatero a Lanying. "Sendi, makapu atatu. Iwe Jimbun, m'malo mongoima ngati mzati, gwira singano usoke."

Analawa wobiriwira, anagwedeza mutu. Analawa woyera. Atanyamula kapu yachitatu, Jimbun anadziwa kuti ndi ufa uja anauipitsa. Mawu amodzi okha akanakwana kuwaletsa. Koma kulankhula kunali kutaya kiyi mpaka kalekale, ndiye anadziuza kuti madala ndi olimba, kam'mimba ka masiku awiri sikangawaphe. Anawerama n'kumalowetsa ulusi pasingano.

A Lanying anamwa, anakwinya nkhope, anamwanso kuti atsimikize.

"Wofiirayu wavundikidwa mopyola. Asapite, ndikambirane kaye ndi akamwini. Enawo soka."

Lachitatu a Lanying anayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba, thupi lili moto. Lachinayi anawagoneka m'bwato kupita kuchipatala. Jimbun anapita nawo, anawagwira mutu pamiyendo njira yonse, ndipo ngakhale pamenepo sanatsekule pakamwa kuti adokotala adziwe poyambira. Loweruka a Lanying anamwalira. Adokotala anati tizilombo ta m'zonyansa tinalowa m'magazi, ndipo mtima wa munthu wamkulu unalephera kupirira.

Maliro atatha, abale anakhala pakhonde lalitali la nyumbayo. A Kedit, mng'ono wa malemu, ndi amene analankhula, ndipo sanazungulire.

"Zaka makumi awiri achimwene akhala akulawa ufa wawo osadwalapo. Mwagwira kiyi inu miyezi itatu, taika munthu m'manda. Akamwini, uve wanu watiphera m'bale. Perekani kiyi kwa mwana wa pakhomo, mupakire zanu."

Tadeus anayesa kulankhula, koma anamuzazira mpaka anakhala chete. Anaika kiyi pamphasa misozi ili m'maso. Jimbun anatola. Kachitsuloko kanali kofunda, ndipo iye, Mulungu amukhululukire, anamva kukoma. Koma thupi linali pamavuto. Chifukwa cha anthu a pamaliro anali asanamwe kuyambira dzulo lake, ndipo thukuta linali kamukamu.

Sendi anali ndi chimene ankadziwa. M'mawa umenewo anali atapita kuseri kwa khola kukatentha masamba omira aja, n'kupeza dzenje lopanda kanthu, ndi zotsalira za masamba ovunda pamene nkhuku zimapalasa. Tsopano anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi thireyi ya makapu atatu. Anaiika pamaso pa mlongo wake.

"Bambo aang'ono, mwati ufa wa amuna anga ndi wauve. Chabwino. Bambo anamwa mitundu itatu tsiku lija, ndipo matumba otsala a mitundu yonse ali m'chigayomo. Palibe akudziwa woipa ndi uti. Mwini kiyi watsopano alawe, atiuze woti titenthe."

"Sendi, ufuna tiikenso wina?" anatero a Kedit.

"Akhoza kukana onse atatu. Ine ndikanakana."

Koma fungo linali litamufika kale Jimbun. Anatola kapu ya wobiriwira, osanunkhiza n'komwe, n'kugugudiza yonse. Anatola ya woyera, chimodzimodzi, mpaka ananyambita milomo. Kenako anapukuta pakamwa n'kukankhira thireyi kutali.

"Yatsala imodzi," anatero Sendi.

"Yakwana."

"Iwe? Unayamba wakwanapo liti? Wofiira si uja umaukonda, uja unkaba wa madzulo? Imwa, bwana wa chigayo."

"Ndati yakwana."

"Awiriwo wamwa ngati madzi, wopanda mantha, pamaso pa anthu amene aika bambo ako dzulo. Wachitatu ukuuopa. Wadziwa bwanji kuti woipa ndi wofiira?"

"Bambo ananena okha kuti wavundikidwa mopyola."

"Wovundikidwa mopyola wamwa kangati iwe, wa m'zosesa zapansi? Supha munthu umenewo." Sendi ananyamula kapu ija n'kumuikira pamlomo. Mawu ake anali otsika, koma aukali. "Dzenje la kuseri kwa khola lilibe kanthu, Jimbun. Lamulungu unatsala wekha pakhomo. Imwa zimene unawaonerera bambo akumwa, iwe uli ndi singano m'manja. Ndikufuna ndikuone ukumeza."

Jimbun anakankha kapu, inagwa n'kusweka. Ndiye zonse zinatuluka zokha m'kamwa mwake, zosalongosoka, zosakanikirana ndi mamina: kuti sanafune bambo, ankafuna Tadeus, ankangofuna adwale pang'ono, ankangofuna kiyi wake.

"Unali pomwepo akumwa?" anafunsa a Agata.

"Eya, amayi."

"Ndi m'bwato muja, atagona pamiyendo pako, unkadziwa?"

A Agata anadzuka pang'onopang'ono, anamutambasula Jimbun zala chimodzichimodzi monga ankachitira ali khanda akagwira mpeni, anachotsa kiyi, n'kukamuika m'manja mwa Tadeus. A Kedit anayang'ana pansi, manyazi atawagwira. Jimbun anagwada n'kugwira miyendo ya amayi ake.

"Ndikhululukireni, amayi."

"Kapemphe kwa ansembe, mwina Mulungu ali ndi mtima waukulu kuposa wanga. Ine lero ndilibe. Sendi, itana apolisi."

Apolisi anabwera masana omwewo, ndipo bwato limene anabwereka padoko linali la Yansen. Njira yonse Yansen sanamuyang'ane Jimbun n'komwe, ankangouza wapolisi kuti mnyamatayu iye ankangomudziwa patali. M'chitolokosi chibaba chinamugwira Jimbun masiku ambiri, akugubuduzika pasimenti, akusanza, akuitana bambo ake. Pamlandu wake Sendi anakhala mpando wa kutsogolo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, ndipo chigamulo chitaperekedwa sanagwetse msozi. Matumba a ufa wofiira anawatenthera padoko anthu onse akuona. Ogula a ku Pontianak anasiya kuima pakhomopo, ndipo a Agata, paukalamba wawo, anayamba kukathyola masamba m'minda ya anthu ena.

Inu achinyamata, imvani bwino. Musanamizidwe kuti chinthu n'chabwino chifukwa ndi tsamba lomera lokha. Chimene thupi layamba kuchifuna tsiku ndi tsiku chakugwirani kale, ndipo muuze akuluakulu msanga akuthandizeni musanafike poipa. Wokuululani mukamalakwa si mdani wanu. Ndipo mukasunga chakukhosi n'kukonzera mnzanu choipa, simudzasankha ndinu amene chikamugwere. Jimbun anali ndi mpata wopulumutsa bambo ake ndi mawu amodzi, koma anasankha kiyi. Lero ali kundende ku Pontianak, amalemba kalata kwa amayi ake mwezi uliwonse, ndipo palibe imene yayankhidwa.