Notisi ya Mwezi Umodzi

Tsiku limene analowa m'nyumbamo, Atelala anakolopa kawiri konse. Madzulo anagoneka ana awo awiri kuchipinda, n'kukhala pa makina kumaliza diresi la kasitomala. Chimwalirire amuna awo anakhala akugona m'shopu ndi anawo, choncho kupeza denga kunali kupuma.

Koma nyumbayi inali ndi mbiri yake, ndipo iwo ankaidziwa. Kwa zaka khumi ndi zisanu munkakhala mkulu wina wokonza mawotchi. Atagonekedwa m'chipatala, alandilodi anati nyumba siidikira wodwala. Anatulutsa katundu, n'kusintha loko. Atelala anamva zonsezi koma anatseka makutu. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anthu atagona, china chake chinakhudza chitseko. Kiyi analowa mu loko, nakana kutembenuka. Anatuluka. Analowanso. Phazi la Atelala linauma pa makina.

"Odi kuno," anatero mawu otopa panja. "Loko wangayu watani kodi?"

Atelala anadzuka pa makinapo. Anazimitsa nyale, nakakumbatira ana mpaka kunja kunayera.

M'mawa anafunsa amake mapasa a nyumba yoyandikana ngati mkulu uja watuluka m'chipatala. Mayiwo anaika ndowa pansi.

"Tawaika Lachiwiri, asisi. Mpaka kutsirizika ankanena zobwerera kunyumba. Palibe analimba mtima kuwauza kuti katundu wawo anatulutsidwa."

Usiku wachiwiri kiyi uja anabweranso. Atelala anayandikira chitseko.

"Bambo, pepani. Nyumbayi ndalowamo ine ndi ana."

Kiyi anatuluka mu loko.

"Popanda notisi, mwana wanga? Pangano lathu ndi eni nyumba linati mwezi umodzi."

Munalibe ukali m'mawuwo, ndipo n'zimene zinawapweteka kwambiri. Akanawatukwana bwenzi zili bwino. Manyazi anawagwira kuposa mantha.

Atakawauza alandilodi, bambowo anaseka chikhakhali.

"Wakufa notisi ya chiyani? Ngati nyumba yakulemerani tulukani, oifuna ndi ambiri."

Atuluke apite kuti? Ana anali atangoyamba kugona tulo tabwino. Madzulo amenewo anang'amba pepala m'kope lolembamo miyezo ya makasitomala. Analemba mwaulemu, m'malo mwa eni nyumba, kuti mkulu wa mawotchi uja akupatsidwa mwezi wathunthu. Kiyi atangolira, analowetsa pepalalo pansi pa chitseko. Linakokedwa pang'onopang'ono mpaka linatha.

"Zikomo," anatero mawu aja. "Mwezi undikwanira."

Kuyambira pamenepo loko sanakhudzidwenso. Usiku uliwonse pakhonde pankamveka munthu akukhala pansi, akutsokomola motsitsa ngati woopa kudzutsa ana. M'mawa khondelo linkapezeka losesedwa bwino, ngakhale tsache linkagona m'nyumba. Atelala ankawerenga masiku, ndipo tsiku lililonse likachoka mtima unkawawa. Kangapo anagwira chitseko kuti atsegule, dzanja n'kubwerera lokha.

Usiku wa makumi atatu kunamveka kugogoda kamodzi.

"Ndapita, mayi. Mpopi wakuseri umadontha, muwauze eni ake akonze, ndi udindo wawo. Bedi la ana musaike pakona yakumanzere, mvula ikagwa pamathonya."

"Bambo, ndikhululukireni. Ndinkadziwa kuti muli m'chipatala."

"Muli ndi ana," anatero. Mapazi anatsika masitepe awiri aja, n'kuzimirira.

Atelala anakhala pansi pomwepo n'kulira kulira kumene sanalire chiikire amuna awo. M'mawa anasuntha bedi.

Pakhonde pawo sipanamvekenso kanthu. Koma kumpopi amayi amanong'onezana kuti alandilodi masiku ano sazimitsa magetsi, ndipo akuonda. Akuti usiku uliwonse pamaima munthu pachitseko pawo, akugogoda mwaulemu. Amake mapasa amati mkuluyo sakufuna kulipsira aliyense. Pangano linati wotuluka abweze kiyi m'manja mwa mwini nyumba, ndipo mpaka lero palibe wawatsegulira.